Phunzirani za Maginito ndi Magetsi Osayenda ndi Zinthu za Pakhomo Pomwepo

Usiku wina m'mwezi wa July, kunja kukuzizira, zimitsani nyali kenako muvule juzi mofulumira muli mumdima. Mumva kuthetheka, ndipo maso akazolowera mdimawo muona timoto ting'onoting'ono tikudumpha pakati pa juzi ndi malaya. Timoto timeneto ndi tomwe buku lanu la Fizikisi limati static electricity, magetsi osayenda. Ambiri a inu mwakhala mukutiona kuyambira muli aang'ono, koma funso lake likabwera pa mayeso mumangoluma bolopeni.

Vuto si mutu wanu ayi. Mitu iwiriyi, wa maginito ndi wa magetsi osayenda, imaphunzitsidwa pa bolodi m'sukulu zambiri chifukwa labu kulibe, kapena ilipo koma zipangizo zake n'zoperewera. Ndiye mwana amaloweza kuti "zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana" ngati vesi la ku Sande sukulu, asanaonepo chinthu chikukankha chinzake popanda kuchikhudza. Chonsecho pafupifupi zonse zofunika zili pakhomo panu.

Sonkhanitsani izi: sipika ya wailesi yakufa, singano zosokera zitatu kapena zinayi, msomali wa mainchesi anayi, waya wa kopa wokutidwa wotalika mamita awiri, batire la tochi, kachidutswa ka patapata yakutha, beseni la pulasitiki, bolopeni kapena chipeso cha pulasitiki, jumbo yopyapyala, botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, ndi kapepala konyezimira ka aluminiyamu. Sipikayo kapempheni kwa okonza mawailesi pamsika. Kumbuyo kwake kuli chinthu chakuda chozungulira ngati donasi, maginito ake ndi amenewo.

Choyamba: onani zomwe maginito amakoka ndi zomwe amazisiya

Zungulirani nawo nyumba yonse. Msomali aukoka, lezala aikoka, chitsekerero cha botolo la Fanta achikoka, sipoko ya njinga ya chitsulo wamba aikokanso. Koma poto wa aluminiyamu amusiya, waya wa kopa amusiya, ngakhale zonsezi m'Chichewa timangoti zitsulo. Apa m'pamene ambiri amataya malikisi, chifukwa amalemba kuti maginito amakoka zitsulo zonse. Zomwe zimakokedwa mwamphamvu ndi iron, steel, nickel ndi cobalt. Lowezani zinayizo. Masipuni ena a stainless steel akudabwitsani, ena amakokedwa pomwe ena ayi, malingana ndi zimene anasakaniza popanga.

Chachiwiri: sandutsani singano kukhala maginito, mupange kampasi

Maginito aliwonse ali ndi nsonga ziwiri pomwe mphamvu yake imachuluka, north pole ndi south pole, mwachidule N ndi S. Pa maginito a m'buku, aatali ngati choko aja, nsongazi zimakhala kumapeto. Pa a m'sipika zimakhala pa nkhope ziwiri zafulati, ina pamwamba ina pansi. Ichi chimasokoneza ana ambiri, choncho sankhani nkhope imodzi, muilembe chizindikiro ndi choko, ndipo muzigwiritsa ntchito yomweyo.

Goneketsani singano patebulo. Ikani m'mphepete mwa nkhope mwasankhayo pa diso la singano, kokerani mpaka kunsonga yakuthwa, nyamulani maginito m'mwamba ndithu, bwererani ku diso, yambaninso. Chitani zimenezi ka 40 kapena kuposa. Osapita n'kubwerera pa singano ngati mukunola mpeni, chifukwa zomwe mwapanga popita mukuzifafaniza pobwera. Lamulo lake ndi ili: mbali ya singano imene mukumalizira kukhula imatenga pole yosiyana ndi imene mukukhulira. Mukakhula ndi N, kothera kumakhala S.

Tsopano dulani kachidutswa ka patapata kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, ikanipo singano, muyandamitse m'beseni la madzi. Beseni likhale la pulasitiki, ndipo muliike kutali ndi njinga, mbaula, ngakhale maginito a sipika aja. Singano izungulira pang'onopang'ono kenako iima. Ikankheni ndi chala, ibwereranso pomwe inali. Imani nkhope yanu italoza kotulukira dzuwa: kumpoto kuli kumanzere kwanu. Mbali ya singano yomwe yaloza kumanzereko ndiyo N. Mwapanga kampasi, ndipo tsopano muli ndi chida chodziwira pole ya maginito ena alionse.

N'chiyani chikuitembenuza? Dziko lapansili palokha ndi maginito aakulu. Dokotala wa ku England, William Gilbert, ndiye anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1600. Ndipo apa pali msampha womwe olemba mayeso amaukonda: ngati N ya singano ikukokedwa kumpoto, ndipo zokokana ndi zosiyana, ndiye kuti pole ya maginito a dziko yomwe ili kumpotoko kwenikweni ndi S. Dzina lokha ndi lomwe limasokoneza.

Chachitatu: kukankhana

Khulani singano yachiwiri chimodzimodzi ndi yoyamba ija. Yandikizani nsonga yake yakuthwa ku nsonga yakuthwa ya singano yoyandama. Ithawa. Tembenuzani, muyandikize diso: ibwera yokha. Tengani singano yachitatu yosakhula, muiyandikize mbali zonse ziwiri. Ikokana ndi yoyandamayo uku ndi uku, siikankha ngakhale pang'ono.

Imani kaye pamenepa, chifukwa mfundo yaikulu ya mutu wonsewu ndi imeneyi. Kukokana sikutsimikiza kuti chinthu ndi maginito, poti chitsulo wamba nachonso chimakokedwa. Chomwe chimatsimikiza ndi kukankhana basi. Akakupatsani tizitsulo titatu pa mayeso n'kufunsa kuti maginito ndi ati, yankho lanu likhale pa kamene kakukankha. Muionanso mfundo yomweyi tikafika pa magetsi osayenda.

Chachinayi: onani mizere ya mphamvu

Pitani kwa owotcherera zitsulo mukapemphe nyenyeswa zomwe zimagwa pansi pa chopukusira chawo. Ngati kulibe, kulungani maginito mu jumbo, muwakokere mumchenga wouma, makamaka wakuda uja wa m'mbali mwa mtsinje kapena kunyanja. Timchenga takuda timamatira, ndipo mukavula jumbo timagwa tokha. Jumboyo musaiwale: nyenyeswa zikamatira pa maginito enieniwo mudzazichotsa mpaka dzuwa kulowa.

Ikani pepala lolimba pamwamba pa maginito, wazani nyenyeswa pang'ono ngati mchere wa m'ndiwo, gogodani pepala ndi chala. Nyenyeswa zindanda m'mizere. Ngati kusukulu kuli maginito aatali, bwerekani chifukwa chithunzi chake ndicho chimafanana ndi cha m'buku. Pojambula, mizere ituluke ku N n'kukalowa ku S, muike timivi, isadutsane, ndipo ithinane pafupi ndi ma pole pomwe mphamvu ili yambiri. Ma pole awiri ofanana akayang'anizana, pakati pawo pamakhala malo opanda mzere, neutral point, pomwe mphamvu ziwirizo zafafanizana.

Chachisanu: thyolani, tenthani

Tengani imodzi mwa singano zokhula zija, muithyole pakati ndi pulayala mutaikulunga m'kansalu kuti zidutswa zisakulaseni m'maso. Yesani chidutswa chilichonse pa kampasi yanu. Simupeza cha N yokha kapena cha S yokha. Chilichonse chili ndi ma pole awiri. Chifukwa chake n'chakuti m'kati mwa chitsulo muli timagulu ting'onoting'ono, ma domain, ndipo kalikonse kali ngati kamaginito pakokha. M'chitsulo wamba timaloza uku ndi uku ngati anthu pamsika, mphamvu zawo n'kumafafanizana. Kukhula kuja kunali kutifoletsa kuti tiloze kumodzi.

Ndiye kuwononga maginito n'kungobalalitsa mzerewo. Gwirani chidutswa ndi pulayala, muchiike pa makala oyaka mpaka chifiire, chizizire chitaloza kum'mawa ndi kumadzulo, muchiyesenso. Mphamvu yatha. Iron amataya umaginito wake akafika pa 770 °C. Kumenyamenya ndi hamala kapena kugwetsagwetsa pansi kumawafooketsanso, ndipo njira yachitatu yomwe buku limatchula ndi kuwaika m'koyilo yodutsa magetsi osinthasintha mbali (a.c.) n'kuwatulutsa pang'onopang'ono.

Chachisanu ndi chimodzi: maginito a batire

M'chaka cha 1820, Hans Christian Oersted wa ku Denmark anaona kuti singano ya kampasi ikugwedezeka waya wapafupi ukamadutsa magetsi. Yesani nanunso: dutsitsani waya pamwamba pa beseni lija, motsatana ndi singano, mugunditse nsonga zake ku batire kamphindi. Singano ipatuka.

Kenako kulungani wayayo pa msomali, mizere 50 kapena kuposa, yothinana, yonse yolowera mbali imodzi. Sendani nsonga ziwiri, gunditsani ku batire, yandikizani msomali ku mapini. Unyamula. Chotsani waya ku batire, mapini ambiri agwa. Musagwirize kupitirira masekondi ochepa chifukwa waya amatentha ndipo batire limatha msanga. Za soketi ya magetsi a m'nyumba musayerekeze n'komwe, imeneyo imapha.

Mukawonjezera mizere ya waya kapena kuika mabatire awiri, mphamvu imakula. Kuti mudziwe komwe kuli N, fumbatani msomali ndi dzanja lamanja, zala zitsatire njira yomwe magetsi akuzungulira kuchokera ku + kupita ku −, ndipo chala chachikulu chiloza ku N. Muona kuti pini imodzi kapena ziwiri zimatsalira pa msomali ngakhale batire litachotsedwa. Buku silinaname ayi. Msomali si soft iron (iron wosasakaniza ndi zina) weniweni, ndi steel wofewa, choncho umasungako mphamvu pang'ono. Soft iron amatenga umaginito msanga n'kuutayanso msanga, n'chifukwa chake amamuika mu belu lamagetsi ndi mu thiransifoma. Steel amavuta kumupatsa koma akatenga amasunga, ndiye woyenera maginito okhalitsa.

Tsopano magetsi osayenda

Yambani mwayang'ana kunja. Zoyesa zotsatirazi zimafuna mpweya wouma. Kuyambira August mpaka October zimayenda bwino kwambiri. M'dzinja, kapena tsiku la chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, mukhoza kukhula bolopeni mpaka mkono kuwawa osaona kanthu, chifukwa chinyontho chimathawitsa chaji, magetsi amene asonkhana pa chinthu chokhulidwa. Ine zinandichitikirapo pamaso pa kalasi yonse m'mwezi wa February: ndakhula, ndakhula, timapepala tili phee, ana akuyang'anana. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndayanika zipangizo padzuwa kwa mphindi khumi, manjanso ndimawapukuta.

Ng'ambani pepala tizidutswa tating'ono ngati njere za mpunga. Khulani bolopeni m'tsitsi louma, losadzola mafuta, kapena pa juzi. Yandikizani. Timapepala tidumphira ku bolopeni. Agiriki akale ankaona zomwezi akakhula utomoni wouma wa mitengo womwe ankautcha elektron, ndipo mawu akuti electricity anachokera pamenepo.

Chachitika n'chiyani? Atomu iliyonse ili ndi mapulotoni a chaji ya positive, omwe ali pakatikati ndipo sasuntha, komanso maelekitironi a chaji ya negative omwe ali kunja. Pokhula, maelekitironi ena achoka m'tsitsi n'kupita pa pulasitiki. Bolopeni yakhala negative chifukwa yalandira, tsitsi lakhala positive chifukwa lataya, ndipo chaji ziwirizo n'zofanana kukula. Simunapange chaji yatsopano, mwangoisamutsa. Chonde, musadzalembe kuti mapulotoni asamuka. Chinthu cholimba chikakhala positive ndiye kuti chataya maelekitironi, palibenso njira ina. Pa mayeso kumbukirani ziwiri izi: polythene, pulasitiki ya majumbo, akakhulidwa ndi nsalu amakhala negative, pomwe mapulasitiki otchedwa cellulose acetate kapena perspex amakhala positive.

Nanga pepala, lomwe palibe walikhula, likukokedwa bwanji? Bolopeni ya negative ikayandikira, imakankhira maelekitironi a m'pepala kumbali yakutali pang'ono, mbali yapafupi n'kutsala ya positive. Yapafupiyo ikukokedwa mwamphamvu kuposa mmene yakutali ikukankhidwira, ndiye pepala lonse limabwera. Madzi nawonso amatero: tsegulani mpopi kuti madzi azituluka ngati ulusi, kapena boolani kabowo pansi pa botolo, muyandikize chipeso chokhula. Madziwo apindika mukuona.

Mwaona kuti tabwerera pa mfundo ija? Chinthu chopanda chaji nachonso chimakokedwa, choncho kukokana si umboni. Kuti muone kukankhana, dulani kalamba ka jumbo kotalika ngati rula, m'lifupi ngati zala ziwiri. Kapindeni pakati, mukagwire popindapo, ndipo ndi dzanja linalo mukokere mbali ziwirizo pakati pa zala zouma kuchokera pamwamba mpaka pansi, katatu kapena kanayi. Mbali ziwirizo zitasukana ngati miyendo ya msasa, chifukwa zonse zatenga chaji yofanana.

Yesaninso kukhula sipuni yachitsulo mutaigwira m'manja. Sikoka kanthu. Chitsulo ndi conductor, chaji imadutsa m'thupi lanu n'kukalowa pansi. Pulasitiki ndi insulator, chaji imakhala pomwe yaikidwa.

Pangani electroscope yanu, chida choonetsa ngati chinthu chili ndi chaji

Dulani katoni kokwana kutseka botolo lagalasi lija. Pakati pake lowetsani kachidutswa ka chubu cha bolopeni, ndipo m'chubumo mudutsitse waya wa kopa wosenda. Kumunsi mupinde ngati mbedza, kumtunda mukulunge mpira wa pepala la aluminiyamu. Pa mbedza kolekani timasamba tiwiri ta aluminiyamu topyapyala kwambiri, totalika masentimita atatu, togundana koma tomasuka. Botolo likhale louma m'kati.

Yandikizani chipeso chokhula ku mpira wa pamwamba osagunda. Timasamba titasukana, chifukwa maelekitironi akankhidwira kumunsi ndipo tonse tiwiri takhala negative. Chotsani chipeso, tibwererana.

Tsopano kuika chaji popanda kugunda, komwe buku limati charging by induction. Ndondomeko yake isasinthidwe. Yandikizani chipeso, timasamba titseguke. Chipeso chili pomwepo, gundani mpira ndi chala: timasamba tigwa, chifukwa maelekitironi athawira pansi kudzera mwa inu. Chotsani chala, chipeso chikadali pomwepo. Pomaliza chotsani chipeso. Timasamba titsegukanso ndipo tikhala choncho. Electroscope yatsala positive, chaji yosiyana ndi ya chipeso. Mukayamba kuchotsa chipeso chala chikadali pa mpira, maelekitironi amabwerera onse ndipo simutsala ndi kanthu. Chitani njira zonse ziwiri, yolondola ndi yolakwika, kuti dzanja lanu likumbuke ngakhale mutu utaiwala.

Pofika apa mutha kusiyanitsa mitu iwiriyi, yomwe ana ambiri amaisakaniza chifukwa malamulo ake amamveka ofanana. Chaji ya negative itha kukhala payokha pa bolopeni, koma pole imodzi payokha simunaipeze ngakhale mutathyola singano. Bolopeni yokhula imakoka kanthu kalikonse kopepuka, pepala, tsitsi, madzi, pomwe maginito amasankha. Ndipo mawu ake asasokonezedwe: N ndi S ndi za maginito, positive ndi negative ndi za chaji.

Manambala ofunika ndi ochepa. Chaji imayezedwa mu coulomb, dzina lochokera kwa Charles-Augustin de Coulomb wa ku France, yemwe m'chaka cha 1785 anasonyeza kuti mtunda wa pakati pa chaji ziwiri ukawirikiza kawiri, mphamvu yokokana kapena kukankhana imachepa kanayi. Elekitironi imodzi ili ndi 1.6 × 10⁻¹⁹ C, kutanthauza kuti coulomb imodzi ndi maelekitironi pafupifupi 6.25 × 10¹⁸. Kuti moto udumphe mumpweya wouma pamafunika ma volt pafupifupi 3,000 pa milimita iliyonse. Ndiye timoto ta m'juzi tija tinali ta ma volt masauzande, koma simunafe chifukwa chaji yake inali yochepetsetsa.

Mphenzi

Mphenzi ndi kamoto komweko, koma kokula. M'mtambo wa mvula, timadontho ta madzi oundana timagundana mphepo ikamatikweza ndi kutitsitsa, ndipo nthawi zambiri kumunsi kwa mtambo kumadzaza chaji ya negative. Monga chipeso chinachitira pa electroscope, mtambo umachititsa kuti nthaka ya pansi pake ikhale positive, makamaka pa zinthu zazitali ndi zosongoka: mtengo wa bulugamu, nsanja ya tchalitchi, munthu woima yekha pabwalo la mpira kapena m'munda khasu lili paphewa. Kumudzi mphenzi ikagwa nkhani imathamangira kwa amene akuti waitumiza. Inu amene mwaona timasamba ta m'botolo tikutseguka, yambani mwafunsa kuti chachitali pamalopo chinali chiyani.

Benjamin Franklin ndiye anasonyeza m'chaka cha 1752 kuti mphenzi ndi magetsi, pogwiritsa ntchito kaiti. Chimenechi chokha musayese. Chaka chotsatira, Georg Richmann anafa ku St Petersburg akuyesa zofanana nazo. Chomwe tinapindula ndi lightning conductor: ndodo yachitsulo yosongoka pamwamba pa nyumba, yolumikizidwa ndi lamba wochindikala wa kopa mpaka ku chitsulo chokwiriridwa pansi, kuti chaji ipeze njira yosavuta m'malo modutsa m'khoma. Pa chifukwa chomwecho, thanki ya galimoto yonyamula petulo amayamba ailumikiza pansi ndi waya asanayambe kutsitsa mafuta, poti mafuta oyenda m'paipi amasonkhanitsa chaji ndipo kamoto kamodzi n'kokwanira.

Mvula zoyamba zikayamba mu November, chitani choyesa chomaliza muli m'nyumba, kutali ndi zenera. Mukaona kung'anima yambani kuwerenga masekondi mpaka mumve bingu. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, choncho gawani masekondiwo ndi 3 kuti mupeze makilomita. Masekondi 9 ndi makilomita atatu. Mukawerenga osafika 30, amene ali pabwalo, m'dimba kapena pansi pa mtengo muwaitane alowe m'nyumba.